Tsiku limene ndinatchula dzina la apongozi pagulu

Kwathu mkamwini satchula dzina la apongozi ake. Ngakhale ukulidziwa, umalisunga kunsi kwa lilime mpaka tsiku lolowa m'manda. Ine ndinalitchula, ndiponso mokweza, anthu oposa khumi atakhala duu pamipando kumbuyo kwanga. Zinachitikira pa intaviyu ya viza yokatsatira akazi anga, ku Lilongwe, ku ofesi ya kazembe wa dziko la America, m'mwezi wa June 2023, ndipo eni dzinawo mpaka lero sakudziwa. Inu a ku Dedza amene muwerenge izi, chonde nkhaniyi ithere pafoni panupo.

Ndikulemba chifukwa ndatopa kujambula mawu pa WhatsApp. Mwezi sutha popanda wina kundipeza, "Achimwene, ndamva munadutsamo, kodi pa intaviyu amafunsa chiyani?" Ndimayankha ndili pantchito, mwina ndili ndi tulo, ndiye zina ndimaiwala. Apa ndafuna ndifotokoze kamodzi mmene zinandiyendera ine, m'chaka chimenecho, ndi ndalama zimene tinkalipira nthawi imeneyo.

Akazi anga, aNaphiri, anapita ku America mu 2013 atachita mphumi pa lotale ya green card (chiphaso chokhazikikira m'dzikolo), ija anthu amangoti DV. Amakhala ku South Bend, ku Indiana, kumene Amalawi alipo ochuluka moti kukagwa zovuta mwambo umayenda ngati muli ku Ndirande. Ndi namwino kumalo osamalirako okalamba, ndipo nthawi zambiri amagwira usiku. Unzika wa dzikolo anatenga mu 2019. Ine ndinali mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina mu Blantyre, ndikuchita lendi ku Machinjiri. Tinadziwana kalekale mu kwaya ya achinyamata kumpingo, iwo akuimba alto, ine ndikuwononga tenor.

Malume anga atamva kuti ndikutsatira mkazi, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ukupita kuchikamwini! Koma chikamwini cha kutsidya kwa nyanja, akakakupitikitsa usiku udzabwera pa chiyani?"

Intaviyu imabwera kumapeto kwa njira yaitali, ndiye njirayo ndiidutse mwachangu. Mu October 2021 aNaphiri anatumiza fomu ya I-130 ku USCIS, ofesi yoona za anthu olowa m'dziko la America, kupempha kuti boma livomereze kuti ine ndine mwamuna wawo. Analipira madola 535. Kenako zii, pafupifupi chaka chathunthu. Atavomereza, fayilo inapita ku NVC, ofesi imene ili ku Portsmouth, m'chigawo cha New Hampshire, yomwe imasonkhanitsa mapepala onse isanawatumize kwa kazembe. Kumeneko tinalipira madola 325 a viza ndi 120 a fomu ya chisamaliro, ine n'kudzaza fomu yopemphera viza, DS-260, pa intaneti. Fomu imeneyi imafuna malo onse amene unakhalako kuyambira uli ndi zaka 16. Ine amene ndasamuka nyumba za lendi kasanu ndi kawiri, nyumba zopanda nambala, zongodziwika kuti kuseri kwa chigayo, ndinavutika nayo masiku atatu.

Imene inavuta kuifotokoza kumudzi ndi fomu ya chisamaliro ija, I-864. Ndi lonjezo la wokuitanayo kwa boma la America kuti iweyo sudzakhala mtolo wa boma, adzakusamala yekha. Amayenera kuonetsa, ndi mapepala a msonkho, kuti zimene amapeza pachaka zikuposa mzere wa umphawi wa kumeneko ndi 25 peresenti. Kwa banja la anthu awiri mu 2023 zinali madola 24,650. Zikapanda kukwana, mumafuna munthu wina wosainira nawo. Ndipo lonjezoli silifa ngakhale banja litatha. Limamasuka iwe ukakhala nzika, kapena ukagwira ntchito kumeneko zaka pafupifupi 10. Malume aja nditawafotokozera anagwira pakamwa. "Ife tinkalima munda wa apongozi mpaka manja kuchita matuza kuti atikhulupirire. Iwe mkazi ndiye akusainira kuti azikudyetsa?" Ndinalibe poyankha.

Mapepala anga ndinasonkhanitsa pang'onopang'ono. Chikalata cha kubadwa ndinakatenga ku NRB, popeza ife obadwa m'ma 1980 umboni wathu unali khadi la sikelo limene linadyedwa ndi chiswe kalekale. Kalata ya apolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu ndinakadindira zala ku Area 30. Amene munakhalako ku Joni kapena dziko lina chaka chathunthu kapena kuposerapo, dziwani kuti kalata ya apolisi a kumeneko imafunikanso, ndipo muyambe kuifuna msanga. Zithunzi ziwiri, masentimita 5 mbali zonse, kumbuyo koyera, opanda magalasi. Zonsezi ndinkazisunga mu jumbo ziwiri, ina m'kati mwa inzake. Mu March chaka chimenecho, Freddy atagwetsa mvula ija masiku angapo osaleka, madzi analowa m'nyumba mpaka m'akakolo, ndipo chinthu choyamba chimene ndinakweza pamwamba pa kabati sichinali TV ayi, inali jumboyo.

Kalata yondiuza tsiku la intaviyu itafika pa imelo, chotsatira chinali kuchipatala. Dokotala susankha wekha, umapita kwa amene ofesi ya kazembe inamuvomereza. Amakujambula pachifuwa kufufuza TB, amatenga magazi kuyeza chindoko, amaona makatemera amene unabayitsa n'kukuwonjezera osowawo. Nthawi imeneyo wa Covid analinso wokakamiza. Ndinatuluka mapewa onse awiri akuwawa. Ngati chithunzi cha pachifuwa chawakayikitsa, amatenga makhololo, ndipo zotsatira zake zimadikiritsa masabata pafupifupi asanu ndi atatu. Pali funso lina limene anthu amandifunsa monong'ona, akazungulira kaye nkhani zina zonse, ndiye ndiliyankhe pano poyera: kachilombo ka HIV sikamuletsa munthu kupeza viza imeneyi. Anakachotsa pamndandanda wa matenda oletsa kulowa m'dzikolo mu January 2010, ndipo sayeza n'komwe.

Tsopano aphungu. Munthu ukangopatsidwa tsiku, aliyense amasanduka katswiri, ngakhale amene sanafikepo pa Kamuzu International Airport. Wina anati ndibwereke suti yakuda. Wina anati ndisamuyang'ane mzunguyo m'maso, wina anati ndimuyang'ane osaphethira. Mphunzitsi mnzanga anandilangiza kuti nditenge mapepala a kubanki ndi a puloti yanga ya ku Chileka, "kuti aone kuti mudzabwerako." Ameneyu ankasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Pa viza yokacheza, lamulo lawo limayamba ndi kukuganizira kuti ukufuna kukakhazikika, ndipo ndi udindo wako kuwatsimikizira kuti udzabwerera. Ukalephera amakupatsa kapepala kokukana, ka 214(b). Ndikukadziwa bwino kapepalako: mu 2019 ndinalipira madola 160, ndinaima pawindo mphindi ziwiri, n'kutuluka nako m'manja. Pa viza ya banja nkhani ndi ina. Aliyense akudziwa kuti ukupita kukakhala. Chimene akufuna kuona n'chakuti ukwatiwo ndi weniweni, si uja wongogwirizana kuti wina apeze mapepala.

Uphungu woopsa kwambiri unachokera kwa munthu wondifunira zabwino. Anati za kukanidwa kwa mu 2019 ndisazitchule, zingandidetsere mbiri. Taganizani. Anthu amene anandijambula zala zonse khumi tsiku limenelo, ine ndikawanamize kuti sitinaonanepo? Kukanidwa viza yokacheza si mlandu, ndipo sikutseka njira ya viza ya banja. Koma kunama dala pa nkhani yofunika kuti upeze viza kumakutsekera khomo moyo wako wonse. Pa DS-260 ndinali nditalemba kale zoona, ndipo ndinatsimikiza kuti pakamwa padzatulukanso zomwezo.

Komabe uphunzitsi ndi matenda. Ndinagula kope la masamba 80 n'kulemba mafunso onse amene ndinawapeza pa intaneti, ngati ndikukonzekeretsa ana a Fomu 4. Usiku uliwonse aNaphiri asanapite kuntchito ankandifunsa pa vidiyo.

"Nambala ya nyumba yanga?"

Ndinkayankha.

"Galimoto yanga ndi ya mtundu wanji?"

"Yotuwa."

"Si yotuwa, aBanda, ndi yasiliva. Mukufuna mukandichititse manyazi?"

Tinakangana zenizeni pa funso lakuti anayamba kufunsira mnzake ndani. Ine ndimadziwa kuti ndinali ine, pa Facebook, mu 2017. Iwo akuti uthenga wangawo unali moni chabe, ndipo akanapanda kundifunsa okha kuti "kodi cholinga chanu n'chiyani", bwenzi mpaka pano ndikuperekabe moni. Tinagona osatsanzikana tsiku limenelo, ine ku Machinjiri, iwo ku Indiana, chifukwa cha funso limene pamapeto pake palibe anatifunsa.

Koma funso limene linkandisowetsa tulo linali losavuta kumva: munakwatirana liti? Ife tinakwatirana katatu. Chinkhoswe chinachitika mu December 2019 kwawo kwa aNaphiri, kufupi ndi Linthipe. Ankhoswe anapatsana tambala ndi thadzi, ine ndinalandira khasu ndi nkhwangwa, iwo lichero ndi mthiko, ndipo kwa azigogo a mbali zonse ziwiri nkhani inathera pomwepo, tinali banja. Kenako Covid inatseka njira. Mu August 2021 aNaphiri anabwera masabata atatu okha, ndipo tinakasainira kwa DC, tili anthu anayi, ife ndi mboni ziwiri. Titatuluka tinakadya tchipisi ndi nkhuku, basi. Zithunzi za tsikulo zilipo ziwiri, china chosaoneka bwino. Mu December 2022 m'pamene tinakadalitsa kutchalitchi, ndi madyerero, perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Mukafunsa amayi anga, ukwati ndi wa kutchalitchiwo. Mukafunsa apongozi, ndi chinkhoswe. Koma pa fomu pali kabokosi kamodzi kokha, ndipo kamafuna tsiku la pa setifiketi, lija la tchipisi, limene pa abale onse palibe amalikumbukira.

Ndinanyamuka ku Blantyre kutatsala tsiku limodzi. Zalewa, Ntcheu, Lizulu, fayilo ili pamiyendo, osalola kuti kondakitala aiike kumbuyo. Podutsa pa Linthipe ndinayang'ana kumene kuli mudzi wa apongozi n'kupempha mumtima kuti mapemphero awo andiperekeze. Ndinagona kwa msuweni wanga ku Area 25, ngati kumeneko kunali kugona. June wa ku Lilongwe m'mawa amaluma. Pofika 7 koloko tinali ku City Centre. Foni salowa nayo, ndiye ndinaimba komaliza ndisanamusiyire msuweniyo. Ku South Bend inali 1 koloko usiku, aNaphiri ali pantchito.

"Mwatenga zonse?"

"Zonse."

"Musakalankhule zambiri ngati muli m'kalasi. Mukangoyankha zimene akufunsani."

Pageti alonda anaona kalata ndi pasipoti, ndinavula lamba, ndinadutsa pa makina ngati a pabwalo la ndege. M'kati ndi chipinda chokhala ndi mipando ndi mawindo agalasi lochindikala, ngati kubanki. Anthu ambiri amaganiza kuti intaviyu ndi ya mu ofesi, pa tebulo, chitseko chotseka. Ayi. Umaima chilili pawindo, wofunsayo ali mbali inayo, mawu ake akutulukira pa kasipika. Ndiye onse odikira amamva zonse. Ndinamva mtsikana wopita kusukulu akufotokoza amene adzamulipirire fizi. Ndinamva bambo wina wa kolala akufotokoza za msonkhano wa mpingo, kenako ndinamuona akupinda kapepala kaja ndinakatenga ine mu 2019, n'kutuluka atazolika. Palibe amene anayang'ana mnzake.

Windo loyamba linali la mayi wa Chimalawi. Anandilonjera m'Chingerezi, ataona mmene manja anga ankanjenjemerera anatsitsa mawu, "Mwadzuka bwanji, bambo? Mtima m'malo." Anayamba kuitanitsa chimodzichimodzi. Pasipoti. Zithunzi. Kalata ya apolisi. Chikalata cha kubadwa. Setifiketi ya ukwati. Ndinapereka. Anaitembenuza, anaisisita ndi chala pamene pali chidindo.

"Iyi ndi fotokope. Yeniyeni ili kuti?"

"Ili ku America, ndi akazi anga."

Anandiyang'ana kanthawi, analemba kenakake, n'kunena kuti ndikhale pansi andiitana. Pamenepo m'mimba munayamba kutentha, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti poti ku NVC anailandira pa kompyuta, ndiye kuti anaiona kale.

Anandijambula zala, zinayi za dzanja lina, zinayi za linalo, kenako zazikulu ziwiri pamodzi. Anandipatsanso kapepala kofotokoza ufulu wa munthu wolowa m'dzikolo kudzera m'banja ngati mnzakeyo atayamba kumuchitira nkhanza. Amapatsa aliyense, mwamuna kapena mkazi. Poyamba ndinafuna kuseka, ine bambo wonenepa chonchi. Nditawerenga ndinasiya. Kanali kunena kuti nkhanza za m'banja ndi mlandu, kuti ukhoza kuitana apolisi posatengera kuti mapepala ako ali pati, ndiponso kuti pali njira yoti wozunzidwa apitirize nkhani ya mapepala ake popanda kudalira womuzunzayo. Ndinakumbukira funso la malume lija, la kupitikitsidwa usiku, ndipo ndinakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la jekete.

Dzina langa linamveka cha m'ma 9 koloko. Wofunsayo anali mnyamata, mwina wochepa kwa ine ndi zaka khumi, wovala shati wopanda tayi, ine ndili mu suti yobwereka. Anati ndikweze dzanja lamanja ndilumbire kuti zonse zimene ndalemba ndi zimene ndinene n'zoona. Ndinalumbira, n'kuikanso zala pa makina, kumene kuli ngati kusainira. Tinalankhula m'Chingerezi, maso ake ali pa kompyuta nthawi zambiri, zala zikugogoda.

Anakuitanani ndani? Munadziwana bwanji? Nditatchula kwaya anafunsa kuti ndinkaimba mawu ati, ndipo nditati tenor anamwetulira pang'ono. Akazi anu amagwira ntchito yanji? Masana kapena usiku? Munaonana liti komaliza? Munayamba mwapemphapo viza ya ku America?

"Inde, mu 2019. Anandikana."

Anangogwedeza mutu, osasiya kulemba. Nkhani imene anthu anandiopseza nayo miyezi itatu inatha mu sekondi imodzi.

"Munakwatirana liti?"

Malangizo onse a aNaphiri anauluka. Ndinayamba, "Kwathu kuno ukwati umayenda m'magawo..." Anakweza dzanja mwaulemu. "Tsiku limene lili pa setifiketi." Ndinalitchula. Linagwirizana ndi la pa kompyuta yake.

Kenako, osasintha n'komwe nkhope: "Amayi awo a akazi anu dzina lawo ndani?"

M'kope langa la masamba 80 funso limeneli munalibe. Dzinalo ndinkalidziwa, ndinaliona pamapepala, koma chibadwire linali lisanadutsepo pakamwa panga. Ndinati, "aNankhoma." Anayang'ana pa kompyuta, anati limenelo sakuliona, akufuna dzina loyamba. Ndinacheuka. Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wachikulire wa duku, wa msinkhu wa apongozi omwewo, akundiyang'ana. Ndinayandikira galasi n'kulinong'ona.

"Pepani, sindinamve. Mokweza pang'ono."

Ndinalitchula. Chipinda chonse chinamva. Ndikulumbira kuti mayi wa duku uja anati "Hii!" chapansipansi. Thukuta linatsika mumsana, kuzizira konse kuja. Mnyamatayo anaona kuti china chake chachitika ndipo anafunsa ngati ndili bwino. Ndinamuuza kuti kwathu mkamwini satchula dzina limenelo, ndipo aka n'koyamba. Anasiya kulemba, anandiyang'ana koyamba bwinobwino, n'kunena kuti pepani.

Ndinali nditanyamula zithunzi zoposa 200 mu alubamu, ndi masamba 60 a mauthenga athu a pa WhatsApp, amene ndinasindikiza pa mtengo woti ndikanagula matumba awiri a chimanga. Anapempha alubamu yokha. Anatsegula masamba atatu. Anaima pa chithunzi cha chinkhoswe, pamene malume anga agwira tambala, malume awo a aNaphiri agwira thadzi.

"Nkhukuzi n'zachiyani?"

Apa ndiye mphunzitsi anadzuka. Ndinafotokoza za ankhoswe, kuti banja kwathu silikhala la anthu awiri okha, kuti tikayambana sitithamangira kukhoti koma kwa anthu awiri agwira nkhukuwo, kuti kupatsana tambala ndi thadzi ndiye kuti mabanja awiri alandirana. Ndinamuonetsa khasu langa pachithunzipo. Ndinamuuza kuti malume angawo amanditcha mkamwini wa kutsidya kwa nyanja, ndipo anaseka zenizeni. Limeneli ndilo linali yankho langa lalitali pa onse, ndipo silinachokere m'kope. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti nambala ya nyumba ndi mtundu wa galimoto munthu wa ukwati wogula akhoza kuloweza bwino kuposa ine. Chimene sangathe ndi kutuluka thukuta chifukwa cha dzina la apongozi.

Zonse pamodzi sizinapitirire mphindi zisanu ndi ziwiri. Miyezi 20 ya kudikira, mphindi zisanu ndi ziwiri.

Kenako anatenga pepala, anachongapo, n'kulilowetsa pansi pa galasi pamodzi ndi pasipoti yanga. Aliyense amene anafunsirapo viza amadziwa kuti pasipoti ikatsala ndiye kuti zayenda, ikabwerera ndiye kuti kwada. Miyendo inalobodoka. Anati za ukwati wathu alibe nazo chikayiko, koma sangapereke viza asanaone setifiketi yeniyeni. Ndikaipeza ndibwere nayo pamodzi ndi pasipoti, ndipo sipakhalanso intaviyu ina. Pamwamba pa pepalalo panalembedwa 221(g).

Msuweni wanga atandiona sanafunse, anangondipatsa foni. Inalira kamodzi kokha.

"Zayenda?"

"Setifiketi ili kuti, aNaphiri?"

Kunali zii. Kenako, "Ili mu sutikesi. Mu envulopu ya khaki."

Anapita nayo mu August 2021 kuti akayambire I-130, ndipo chiyambire inali komweko. Kalata yotiitana ku intaviyu inanena momveka kuti mapepala onse a boma abwere enieni. Tonse awiri tinaiwerenga, mwina kakhumi. Ine ndinkaganiza kuti poti inatumizidwa pa kompyuta ndiye zatha. Iwo ankaganiza kuti kwa DC anatipatsa ziwiri ndipo ina ndili nayo. Miyezi iwiri tinkafunsana za mtundu wa galimoto, osafunsana kamodzi kokha kuti pepala limene nkhani yonse yatsamirapo lili m'manja mwa ndani. Safunsa anadya phula. Tinalozana zala pafoni mphindi zingapo, mpaka iwo anayamba kulira, ine n'kukumbukira kuti munthuyu wachezera usiku wonse akutembenuza okalamba pabedi uku mtima uli ku Lilongwe.

Choopsa chinabwera madzulo. Nditalowa pa CEAC, tsamba limene umaonerapo mmene nkhani yako ikuyendera, panalembedwa liwu limodzi: Refused. Ndinakhala pansi pakhonde la msuweni wanga osalankhula. Amene mudzaone liwu limeneli mutapatsidwa 221(g), pumani kaye. Mwa lamulo lawo, viza imene sinaperekedwe pa tsiku la intaviyu imalembedwa kuti yakanidwa, ngakhale chikusowa ndi pepala limodzi. Ukapereka chimene akufunacho, amaitsegulanso. Amakupatsa chaka chathunthu kuti upereke, ukapitirira pamenepo m'pamene fayilo ikhoza kutsekedwa. Ilipo 221(g) ina imene sakupempha kanthu, amangoti akufufuzabe, ndipo imeneyo ilibe tsiku lodziwika, umangodikira. Yanga inali yopepukayo.

Kutacha aNaphiri anapita ku DHL asanagone n'komwe. Ine ndinabwerera ku Blantyre kukaphunzitsa, ana akundifunsa kuti "Sala, mukupita liti?", ine ndikuwauza kuti atsegule mabuku. Envulopu inafika patatha masiku asanu ndi limodzi. Ndinaitsegula ngati muli dzira. Ndinakweranso basi, Zalewa, Ntcheu, Lizulu, ndinakapereka pamodzi ndi pasipoti, ndipo ulendo uno ndinavala juzi langa wamba. Patapita masiku anayi a ntchito, liwu lija pa CEAC linasintha kukhala Issued, kutanthauza kuti viza yaperekedwa. Ndinalijambula n'kulitumiza ku Indiana popanda kuwonjezera mawu alionse.

Viza ili ngati sitampa yaikulu yomatidwa pa tsamba lonse la pasipoti. Ndinaiwerenga chilembo ndi chilembo ndisanachoke, kuona ngati dzina ndi tsiku lobadwa zili bwino, chifukwa cholakwika chimakonzedwa mosavuta usanakwere ndege. Inali yothera mu November, miyezi isanu ndi umodzi kuchokera tsiku limene ndinapimidwa kuchipatala, osati tsiku la intaviyu. Panatsala kulipira madola 220 ku USCIS kuti green card idzatumizidwe kunyumba ndikafika. Ndipo pa mtundu wa viza panalembedwa CR1.

Apa m'pamene tsiku la tchipisi lija linabwezera ulemu wake. Ukalowa m'dziko la America ukwati wanu usanakwane zaka ziwiri, amakupatsa green card ya zaka ziwiri zokha, yongoyembekezera, imene ndiyo CR1. M'masiku 90 omaliza isanathe mumayenera kutumiza fomu ina, I-751, ndi ndalama zina, ndi umboni wina wakuti mudakali limodzi, n'kuyambanso kudikira. Koma ukalowa zaka ziwirizo zitakwana, umalandira ya zaka 10, ya IR1, ngakhale pa viza palembedwe CR1. Chimene amawerenga ndi tsiku limene waponda pabwalo la ndege la kumeneko. Ife zaka ziwiri za kwa DC zinkakwana mu August, kutangotsala masabata asanu ndi awiri. ANaphiri ankafuna ndinyamuke mawa lomwelo, ndipo inenso mtima unali utapita kale. Tinawerengera pa kalendala kawiri, katatu, n'kugula tikiti ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa, yokafika ku Chicago patadutsa masiku atatu chikwanireni zaka ziwirizo. Zinandipatsanso mpata woperekeza ana anga a Fomu 4 mpaka pa mayeso, ndi kugulitsa mipando mosathamanga.

Sabata yomaliza ndinapita ku Linthipe kukatsanzika, nditanyamula shuga, sopo ndi chitenje. Apongozi anakhala pamphasa kumapeto kwa khonde, atayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse, ine pa kampando chapatali, mlamu wanga ali pakati. Tinakamba za chimanga, za mwendo wawo umene unkavuta, za kuzizira kwa kumene ndikupitako. Kenako anafunsa, maso ali kubwalo:

"Nanga azunguwo anakufunsani zotani, bambo?"

"Za nkhuku, amayi," ndinatero. "Anafunsa za nkhuku za pachinkhoswe zija."